Masekondi Asanu ndi Awiri a Dokotala Tolsma

Madokotala a mabanja ambiri kuno kumpoto amawadziwa a Hidde Tolsma ngakhale sanagwiranepo nawo chanza. Amawadziwira pa tepi ya kanema ya mphindi zitatu, pomwe akuoneka akudula mawu mayi wina wodwala n'kumutulutsa m'chipinda ngati wangobwera kudzapala moto. Amene anasankha tepiyo ndine, Aukje Venema. Ndinaionetsa kwa madokotala ophunzira kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndikudziwa bwinobwino kuti ikuwanamizira. Ndili ndi zaka 69 tsopano, ndipo palibe chimene chimandichititsa manyazi kuposa chimenechi.

A Tolsma anali mwana wachiwiri wa mlimi wa ng'ombe za mkaka. Famu inapita kwa mkulu wawo, monga zimakhalira, ndiye iwo anawatumiza kusukulu poti panalibe china chowapatsa. Ankanena okha kuti anakhala dokotala chifukwa chobadwa mochedwa. Anali munthu wamtali, wa makutu akuluakulu, wolankhula pang'ono ngati mawuwo amachita kugula. Mu 1965 anatenga kachipatala ka m'mudzi wa Menterp, komwe kanali zipinda ziwiri kumaso kwa nyumba yawo yogona. Akazi awo, a Janke, ndi amene ankayankha foni, ndipo ankangomva kapumidwe ka woimbayo n'kudziwa ngati n'koyenera kuwachotsa adokotala pa chakudya kapena ayi.

Za kafukufuku anaziyamba chifukwa chopsa mtima. Pamsonkhano wina ku tauni, dokotala wa chipatala chachikulu ananena moseka kuti ntchito ya madokotala akumudzi n'kugawa mankhwala a chifuwa ndi kumwa khofi m'makhitchini a eni. Pobwerera a Tolsma anagula wotchi ya anthu othamanga mpikisano, n'kuyamba kuyeza zimene zimachitika m'chipinda mwawo. Funso lawo linali limodzi: wodwala akayamba kufotokoza chimene wabwerera, dokotala amamulola kulankhula nthawi yaitali bwanji asanamudule?

Wotchi ija inkawasokoneza odwala, ndiye patapita zaka anapeza kamera ya kanema, chinthu cholemera ngati mwana wa ng'ombe, n'kuikhazika pamwamba pa kabati ya mankhwala. Ananyengerera madokotala anzawo khumi ndi anayi a m'midzi yozungulira kuti nawonso azijambulidwa. Zimene anapeza zinawadabwitsa onse. Dokotala ankamudula mawu wodwala asanakwanitse ngakhale theka la mphindi, pomwe wodwala womusiya alankhule ankamaliza yekha mphindi ziwiri zisanathe, ndipo nthawi zambiri chenicheni chomwe wabwerera chinkatuluka kumapeto. Anzawo aja, amene ankalumbira kuti iwo amamvetsera bwino, ankaonera matepi awo atagwira kukamwa. Sukulu yathu ya madokotala a mabanja inatenga zimenezi n'kuziika m'maphunziro, ndipo mpaka lero wophunzira aliyense amajambulidwa n'kudzionera yekha.

Anaika lamulo limodzi losasintha. Wodwala anali ndi ufulu wokana kamera pakhomo, koma akalola, kamerayo sinkazimitsidwa, ndipo tepi sinkafufutidwa. Ankati dokotala ukamupatsa mpata wosankha, amabweretsa matepi a masiku amene anadzuka bwino okhaokha. Matepi onse ankapita kwa mayi wina wa m'mudzi momwemo, Hiltje, wodziwa kutaipa, amene ankawamvetsera n'kulemba liwu lililonse papepala.

Ine ndinafika ku Menterp mu 1984 kudzaphunzira ntchito chaka chimodzi. Sukulu inkawatumizira wophunzira mmodzi chaka chilichonse, ndipo ndinazindikira msanga kuti ichi ndiye chimene ankachikonda kuposa zonse. Tsiku loyamba anandipatsa nsapato za mphira za a Janke, nati, "Za m'mabuku wazimaliza, eti? Chabwino. Kuno uphunzira kutsegula geti la famu galu asanakulume." Madzulo aliwonse tinkaonera tepi yanga limodzi, iwo atanyamula wotchi ija.

"Masekondi khumi ndi awiri," ankatero. "Unkathamangira kuti, Aukje? Basi ikukusiya?"

"Koma ndinali nditadziwa kale vuto lake."

"Iwe unadziwa. Nanga mwiniwake anali atamaliza kudziwa?"

Ankaseka okha ndi mapewa, osatulutsa mawu. Ndinkawakonda kwambiri mkulu ameneyu, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke ndisanapitirize.

Lachisanu lina m'mwezi wa Novembala kunabwera mayi amene ndiwatchule kuti mayi Douma, ngakhale si dzina lawo. Anali a zaka pafupifupi makumi asanu, akazi a mlimi yemwe analinso mkulu wa mpingo. Analola kamera pakhomo osayang'ana n'komwe pepala lomwe ankasaina. Anakhala pansi osavula jasi, mpango uli m'khosi. Ine ndinali pakona, kumene kamera sinkafika.

"Adokotala, ine sindikugona," anayamba. "Kunyumba kuja, bambo akakhala kuti..."

"Mapiritsi a bipi aja mukumwa?" a Tolsma anawadula. "Pindani dzanja la jasi."

Sanawayang'ane kumaso. Anayeza, analemba, nati mayiwo adzabwerenso pakatha miyezi itatu, kenaka anadzuka n'kukawatsegulira chitseko. Mayi Douma anatuluka atagwetsa nkhope. Ine mtima unandiwawa, moti pa chakudya chamasana ndinalephera kudzigwira.

"Ine mumandiwerengera masekondi tsiku lililonse. Anu aja anali angati?"

"Asanu ndi awiri," anayankha akupaka batala pa buledi. "Idya msanga, tili ndi ulendo."

Lachisanu alimi ankapita ku msika wa ng'ombe ku tauni, ndipo bambo Douma sankaphonya. Titafika ku famu yawo tinawapeza mayi aja ali okha m'khitchini. A Tolsma anavula chipewa, nakhala pansi, nati, "Pepani kwambiri za m'mawa. Munaiwala kamera, ndipo simudziwa kuti amene amamvetsera matepi anga ndi Hiltje. Tsopano yambirani pamene ndinakudulani." Hiltje anali mchemwali wa bambo Douma. Mayiwo anamasula mpango uja. Khosi lonse linali ndi zipsera za zala. Analankhula ola lathunthu, adokotala osaponyapo liwu.

Mayi Douma sanafune kuchoka pa banja, ndipo sanafune kuti ana awo kapena mpingo udziwe. A Tolsma anayesa kuwalangiza, koma atakana analemekeza zimenezo. Anayamba kudutsa pafamupo Lachisanu lililonse, ndipo tsiku lina anawatsekera bambo Douma m'chipinda choyezera kwa mphindi makumi awiri. Zimene anakambirana sindidziwa, koma mkuluyo anatuluka ali thukuta kamukamu, ndipo mayiwo anasiya kuvala mpango.

Pobwerera Lachisanu loyamba lija ndinawafunsa ngati tepi ya m'mawayo aifufute.

"Lamulo ndinaika ndekha," anatero. "Ndikafufuta yanga imodzi, anzanga aja afufuta zawo zonse zonyansa. Komanso pa tepipo palibe chowavulaza mayiwa. Wooneka woipa ndine ndekha, ndipo nkhope iyi inaipa kale."

Chaka chitatha ndinabwerera ku tauni. Mu 1991 sukulu yathu inandilemba ntchito yophunzitsa za kalankhulidwe ndi odwala. Kunena zoona, sindinali mphunzitsi wabwino. Anandipatsa ola la pambuyo pa chakudya chamasana, ndipo ophunzira khumi ndi awiri ankandiyang'ana ndi maso a tulo. Matepi ophunzitsira amene tinali nawo anali a anthu a zisudzo, ndipo bodza lake linkaonekera patali. Ndinkafuna chitsanzo chenicheni cha dokotala wosamvetsera. Matepi a kafukufuku uja anali m'kabati ya sukulu, odwala atasainira kuti angagwiritsidwe ntchito pophunzitsa, ndipo ine ndinkadziwa tsiku ndi ola loti ndiyang'ane.

Ndinadziuza kuti ndiionetsa, kenaka ndifotokoza kuti nthawi zina zimene kamera yaona si nkhani yonse. Ndinalidi ndi cholinga chimenecho. Koma tepi itangotha, chipinda chonse chinafa ndi chiseko. Mnyamata wina anapempha kuti ndiibwezenso, ndipo onse anawerenga masekondi mokweza mpaka asanu ndi awiri. Kwa nthawi yoyamba anatuluka m'kalasi mwanga akukambirana zimene ndaphunzitsa. Zinandikoma. Ndinati ndifotokoza sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo sinafike.

Gulu lililonse linkauza lotsatira kuti kwa a Venema kuli tepi yosekesa. Adokotala a pa tepiyo anapatsidwa dzina loti a Pindani-Dzanja. M'mawa ndinkaphunzitsa zotsatira za kafukufuku wa H. Tolsma, masana ndinkaonetsa mwiniwake akuswa zimene analemba, ndipo ophunzira sanachedwe kugwirizanitsa dzina ndi nkhope. Zimenezo zinkawonjezera kukoma kwa nthabwalayo: mlaliki wogwidwa ndi tchimo lomwe amalalikira.

Nthawi imeneyo ophunzira ankalemba okha malo atatu amene akufuna kukaphunzirako ntchito. Menterp ndi kutali, basi imapita kanayi pa tsiku, ndiye sikunali kolimbirana ndi kale. Koma tsopano panalibe ngakhale mmodzi wolemba dzinalo, ndipo mtsikana wina amene anamutumiza kumeneko mokakamiza analira mu ofesi. M'chaka cha 1993 nkhaniyi inafika ku komiti yoona za aphunzitsi. Tinali asanu ndi mmodzi patebulo, ndipo wapampando, a Rienstra, anatembenukira kwa ine.

"Aukje, iwe unaphunzira kwa mkuluyu. Tepi ija ndaionera. Kodi ndi mmene amachitira masiku onse?"

Panalibe chifukwa choulula chinsinsi cha mayi Douma. Zikanakwanira kunena kuti ndinalipo tsikulo, kuti panali chifukwa chomveka, ndipo kuti tepiyo ndinalakwa kuigwiritsa ntchito motero. Koma kutero kunali kuvomera pamaso pa anzanga kuti kwa zaka ziwiri ndakhala ndikunamiza ophunzira kuti andikonde. Mumtima ndinadziuza kuti ndikuteteza chinsinsi cha wodwala, ndipo ngakhale pamene ndinkadziuza zimenezo ndinkadziwa kuti ndikudziteteza ndekha.

"Ndi munthu wakale," ndinatero. "Kafukufuku amamutha, koma ndi munthu wakale."

A Rienstra anagwedeza mutu n'kulemba. Kalata inapita ku Menterp yowathokoza chifukwa cha zaka zonse zimene anaphunzitsa, n'kunena kuti sukulu ikufuna kupereka mpata kwa aphunzitsi achinyamata. Nkhani yonseyo sinatenge mphindi khumi, ndipo tinapitirira kukambirana za malo oimika njinga.

A Tolsma sanadandaule. Anapitiriza kutumiza matepi awo ndi ziwerengero zawo mwezi uliwonse, zolembedwa mwaukhondo ngati kale. Chaka chatsopano chilichonse ndinkalandira khadi lochokera kwa iwo ndi a Janke, ine n'kubweza langa. Mungaganize kuti tepi ija ndinaisiya pamenepo. Sindinaisiye. Kuisiya kukanachititsa anthu kufunsa chifukwa, ndiye ndinapitiriza kuionetsa mpaka 2002, pamene makina oonetsera matepi akale anawataya. Zaka zomaliza ndinkaiyatsa n'kutuluka panja ngati ndikukatenga madzi.

A Tolsma anapuma pa ntchito mu 2001. Sipanapezeke dokotala wofuna kulowa m'malo mwawo, ndiye kachipatala kaja kanatsekedwa, ndipo anthu a ku Menterp anayamba kuyenda makilomita khumi ndi asanu ndi atatu kukaonana ndi dokotala. Nkhaniyi ndinaimva kwa mnzanga pa khofi, ndinati n'zomvetsa chisoni, n'kusintha nkhani.

Mu 2012 sukulu yathu inaganiza zosindikiza kabuku kokumbukira anthu amene anayambitsa maphunziro athu, ndipo gawo lonena za a Tolsma analipereka kwa ine, poti ndinali wophunzira wawo. Ndinakhala milungu itatu ndikuyang'ana pepala. Kenaka ndinaganiza kuti ndilemba zonse: za tepi, za ulendo wa masana uja, za komiti. Ndinamva mtima kupepuka, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wolimba mtima. Loweruka lina m'mawa ndinapita ku Menterp kukawauza.

A Janke ananditsegulira chitseko n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wanenepa," anatero. Anandithirira khofi, koma chitini cha mabisiketi chinakhala patebulo chosatsegulidwa. A Tolsma anali pampando wa pawindo, bulangete lili m'miyendo. Anali ataonda kwambiri, ndipo mtima wawo unali utayamba kufooka.

Ndinafotokoza zonse monga ndinakonzera m'galimoto, mpaka mawu amene ndinanena ku komiti. Nditamaliza ndinati, "Ndinakulakwirani, adokotala. Ndabwera kudzapepesa."

"Za tepi ndinazidziwa mu 1992," anatero. "Mtsikana amene analira mu ofesi uja anandiuza atakhala kuno mwezi umodzi. Akuti, adokotala, inu simuli ngati a Pindani-Dzanja aja. Ndinafunsa kuti ameneyo ndani."

"Ndiye bwanji simunandiimbire?"

"Ndinkadikira kuti uimbe ndiwe. Janke ankati sudzaimba. Tinakangana nazo zaka zingapo, mpaka ndinagonja."

A Janke anali chiimire pakhomo la khitchini, manja atapinda pachifuwa.

"Kundiseka sikunandipweteke kwenikweni," anapitiriza. "Mwina tepiyo inathandiza ana ena kutseka pakamwa. Ukanandifunsa, mwina ndikanalola, bola ubise nkhope ya mayi aja. Koma ophunzira, Aukje. Pa ophunzira khumi ndi asanu ndi anayi amene anadutsa m'nyumba muno, khumi ndi atatu anakagwira ntchito kumidzi. Ndinawerenga, ukudziwa kuti ndimawerenga chilichonse. Ndinali nditatsala ndi zaka zisanu ndi zitatu kuti ndipume pa ntchito. Pa ana asanu ndi atatu, mmodzi akanatsala kuno."

Anapuma kaye, chifukwa kulankhula kunkawatopetsa. Panja pankadutsa thirakitala, ndipo tinadikira kuti phokoso lake lithe. Kenaka ndinathamangira ku chimene ndinabwera nacho.

"Ndikufuna kukonza. Andipempha kulemba za inu m'kabuku ka sukulu. Ndilemba zoona zonse, kuti aliyense amene anaonera tepi ija adziwe chifukwa chimene munawadulira mawu. Dzina lanu liyera."

"Anaionera ndi anthu angati?"

"Mwina mazana anayi."

"Madokotala mazana anayi, ndipo ambiri ali m'chigawo chomwe chino. Onse anaona nkhope ya mayi Douma, poti sunaibise. Ukalemba kuti ndinawadula mawu kuti nditeteze chinsinsi chawo, udzakhala wawauza onsewo kuti mayi aja ali ndi chinsinsi cha kunyumba. Mdzukulu wawo ndi namwino ku tauni. Bambo aja anamwalira ana awo akuwalira ngati munthu wabwino, ndipo mayiwo anafuna kuti zikhale choncho. Ali moyo, Aukje. Amakhala mseu wachiwiri kuchokera pano, amandibweretsera supu ya nsawawa Lachitatu lililonse."

"Ndisintha dzina."

"Nkhope usinthanso?"

Kulimba mtima konse kumene ndinabwera nako kunasungunuka, ndipo ndinaona kuti ngakhale kupepesa kwangaku ndinakukonza kuti kundikomere ine.

"Nthawi yolankhula inali tsiku la komiti lija," anatero, mawu awo ali ofatsa. "Pa anthu asanu ndi mmodzi, chitseko chili chotseka, ziganizo ziwiri zikanakwana. Pano n'kuchedwa. Unakhala chete nthawi ija chifukwa cha iwe mwini. Tsopano ukhale chete chifukwa cha mayi aja, mpaka atapita. Ndi chokhacho chimene ndikukupempha."

"Nanga m'kabukumo ndilembe chiyani?"

"Lemba za ziwerengero. N'zolondola."

Sanandiuze kuti andikhululukira, ndipo sanandiuze kuti sandikhululukira. Anandifunsa ngati ophunzira amasiku ano akumawajambulabe, ndipo nditati inde, anaoneka okondwa kwenikweni. A Janke anandiperekeza mpaka pakhomo. Ndikuvala jasi anandiuza motsitsa mawu kuti chipinda cha ophunzira cham'mwamba amuna awo anakana kuti achisandutse chosungiramo katundu mpaka chaka chimene anapuma pa ntchito, ndipo mwezi wa Malichi uliwonse, nthawi imene ophunzira atsopano ankafika, ankawauza kuti ayalemo zofunda zoyera. Ananena zimenezo n'kutseka chitseko.

Ndinalemba za ziwerengero, masamba anayi. Pa mwambo wokhazikitsa kabukuko, dokotala wina amene anali wophunzira wanga anandipeza atanyamula tambula ya vinyo, nati, "Mwawalembera bwino a Pindani-Dzanja, mwawachitira chifundo." Ndinamwetulira, chifukwa ndi zimene ndinalonjeza.

A Tolsma anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. A Janke anawatsatira patapita zaka zinayi, ndipo a Rienstra nawonso anapita kalekale. Mayi Douma anakhala moyo wautali kuposa onsewo. Amwalira mwezi wathawu ali ndi zaka 91, ndipo ndinadikira kuti maliro apite ndisanatenge cholembera. Mwana wawo wotsala yekhayo ndinakakumana naye kaye. Anandiuza kuti mayi ake anamuuza okha zonse ali pafupi kumwalira, nati ndilembe, bola ndisatchule dzina. Tsopano ndamasuka kulankhula. Ndatumiza nkhaniyi kwa ophunzira anga akale amene ndili ndi ma adiresi awo, ndipo ayankha atatu. Awiri akuti ndisadziimbe mlandu kwambiri. Wachitatu wafunsa kuti a Tolsma amenewa anali ndani, chifukwa tepiyo akuikumbukira bwino, koma dzinalo ayi.